Chaka Chimene Mbiri ya Sukulu Yathu Inagwera pa Sabata

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinadziwa kuti nsanje imatha kumudwalitsa munthu m'mimba. Inali nsanje ya mwana wa sukulu chabe, ya kamtsikana ka yunifolomu yabuluu ndi masokosi ogwera m'nsapato, koma inali yeniyeni, yoti chakudya chinkakana kutsika pakhosi.

Tinkakhala ku mafulati a ku Kabwata, pamwamba penipeni, pamene madzi ankafika m'mawa mokha. Atate anali kalaliki ku maofesi a boma ku Longacres, ndipo ku tchalitchi kwathu kwa a Sabata anali mkulu wa mpingo. Anthu ankadabwa kuti mkulu wa mpingo wa Sabata n'kutumiza mwana wake Zelipa ku sukulu ya masisitere achikatolika. Atate sankavutika nawo. Ankangoti, "Kumene kuja mphunzitsi sachedwa, ndipo mwana sabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu ati aticha kulibe." Nkhani inkathera pomwepo.

Sukuluyo dzina lake sindilitchula, amene anaphunzirako aizindikira okha. Inali ya atsikana okhaokha. A ku Kabulonga ndi ku Woodlands ankatsika m'magalimoto pageti, akununkhira sopo. A ku Chelstone ankakwera maminibasi awiri, n'kufika tsitsi litatuwa ndi fumbi la m'tauni. Ife a ku Kabwata ndi Chilenje tinkayenda wapansi. Zimenezo sizinkandipweteka. Chimene chinkandidya chinali china: pa sukulu ija ndinali mlendo. Pa Misa ya sukulu ife osakhala Akatolika tinkakhala pa mabenchi a kumbuyo, anzathu akupita kutsogolo kukalandira, ife n'kumangopinda manja. Lachitatu la Phulusa onse ankatuluka ndi mtanda wakuda pamphumi. Ndili giredi fili ndinadzipaka khala la pa mbaula kuti nanenso ndioneke, koma mtanda wanga unatuluka waukulu kwambiri, kuyambira m'tsitsi mpaka pamphuno, ndipo kalasi yonse inagwa nako kuseka.

Amene sanaseke tsiku limenelo anali Chanda. Anandikokera kumpope, n'kundipukuta ndi mpango wake. Kuyambira pamenepo tinakhala pa desiki imodzi. Chanda ankakhala ku Chilenje ndi amayi ake, Mbemba wa ku Luapula amene ankagulitsa nsomba zouma ku msika wa Soweto. Masamu ankamuvuta, Chingelezi chinkamuvuta, koma, mayo ine, mwana uja ankakondedwa! Anali ndi mpata pakati pa mano ndi kaseko koti ngakhale mphunzitsi wokwiya ankatsitsa ndodo. Anali mmodzi wa masitela, atsikana ovala zoyera amene amavina kutsogolo kwa wansembe polowa m'tchalitchi. Ndinkamukonda, ndipo ndinkamuchitira nsanje, zonse ziwiri tsiku limodzi. Chimene chinkanditonthoza n'chakuti ine ndinali ndi pakamwa. Polankhula pagulu panalibe wondiposa, ndipo ndinkadziwa kumene pakamwa pangapo padzandifikitse.

Pa sukulu pathu panali mwambo. Chaka chilichonse pa tsiku la sukulu, mtsikana mmodzi wa giredi seveni ankaima kutsogolo n'kunena mbiri ya sukulu kuyambira pachiyambi, pamtima, wopanda pepala m'manja. Ndipo sankaiphunzira m'buku. Ankaitenga pakamwa pa Asisitere Veronika, nkhalamba imene inapuma kalekale kuphunzitsa, yokhala pa mpando wa nsungwi pakhonde la nyumba ya masisitere. Iwowo anali mmodzi wa ana oyambirira a sukuluyo. Aphunzitsi anayesapo kuwapempha kuti mbiriyo ilembedwe, ana aziloweza okha, koma anakana. Ankati pepala silidziwa popumira. Tsiku la sukulu linkachitika Lachisanu, ndipo pa mwambo umenewu wokha sankafunsa kuti mwana amapemphera kuti. Ine ndinaulakalaka kuyambira giredi wani.

Chaka chathu chinali chachikulu kuposa zonse, chifukwa sukulu inkakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo abishopu anali kubwera. Ahedi, amenenso anali sisitere, atatchula dzina langa pa asembule, Chanda anandikumbatira mpaka kundinyamula. "Zeli! Ni iwe! Nenze niziba!" anakuwa m'chilankhulo chathu cha m'tauni, ndipo aphunzitsi anatilanga tonse awiri chifukwa cha phokoso.

Ndinayamba kupita pakhonde paja tikaweruka. Asisitere Veronika anali aafupi, akuda bii, ndi manja ozizira ngakhale kukutentha. Pakhondepo pankanunkhira polishi wofiira ndi mandimu a mtengo wa pabwalo. Ankandikhazika pa kampando, n'kuyamba ndi mawu awo okalipa pang'ono:

"Kale kuno kunalibe mpanda, kunalibe belu. Kunali udzu wofika m'chiuno, ndi shedi ya malata imene ankasungiramo simenti."

Anandiuza za masisitere awiri achizungu amene anabwera pa sitima, mmodzi wamtali wosaseka, wina wonenepa woyenda pa njinga. Wa njingayo ankazungulira m'makomboni kupempha atsikana, azibambo n'kumamubweza pakhomo ati mtsikana akadziwa kulemba adzayamba kulemberana ndi anyamata. Tsiku lina anawombana ndi mbuzi n'kugwera m'ngalande, ndipo amayi amene anathamangira kukamudzutsa ndiwo anayamba kupereka ana awo, ati munthu wogwa chotere n'kudzuka akuseka sangakhale woipa. Belu loyamba linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pamtengo. Ana ankalemba pansi ndi zala. Amayi a m'komboni anaumba njerwa za kalasi yoyamba, mvula n'kuzisungunula zisanawotchedwe, iwo n'kuumbanso. Ndipo panali kamtsikana kena, Malita, kamene kankasuzumira pa bowo la malata kali ndi mlongo wake kumsana, chifukwa kunyumba kunalibe womusiyira. Sisitere wosaseka uja anatuluka, n'kukalowetsa ndi khanda lomwe.

"Malita ameneyo ndine," anatero, ngati akunena za munthu woyandikana naye nyumba. "Dzina la Veronika ndinalipeza pambuyo."

Mbiriyo inkathera pa maina a atsikana oyambirira, kuwatchula mmodzimmodzi monga amaitanira m'kalasi. Ndikathamanga ankagogoda ndodo pansi. "Ukuthamangira kuti? Pamenepo pumira. Anthu aione kaye mvulayo." Ndinaimeza nkhani ija yonse. Ndinkainena posamba, potsuka mbale, pokwera masitepe ndi chigubu cha madzi. Pa mbuzi paja ndinawonjezapo zanga, kupendeka thupi ngati njinga ikugwa n'kulira kamodzi ngati mbuzi. Asisitere Veronika anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Zimenezo usachotse."

Kenaka, kutatsala milungu yochepa, ahedi analengeza kuti abishopu sangathe kubwera Lachisanu. Chikondwerero chasunthidwa, chidzakhala Loweruka, kutinso makolo ogwira ntchito adzapezekepo. Ana onse anawomba m'manja. Ine sindinawombe nawo.

Kwathu Sabata linkayamba dzuwa likamalowa Lachisanu. Pofika nthawi imeneyo Amayi anali ataphika kale za mawa lake, Atate atasita buluku ndi kupukuta nsapato, wailesi itazimitsidwa. Loweruka sitinkagula ngakhale machesi. Ndinadikira kuti Atate adye, asambe m'manja, ndipo ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kufotokoza zonse. Ndinati si kuvina, si Misa, n'kulankhula chabe. Ndinati ndidzangopita, n'kunena, n'kuthamangira ku tchalitchi ulaliki usanayambe.

Atate sanali munthu wokalipa, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anavula magalasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndikudziwa kuti waivutikira, mwana wanga. Ndakhala ndikuimva kubafa, mwina nanenso ndailoweza. Koma Sabata si langa kuti ndikubwereke."

"Nanga munanditumiziranji kumeneko?" ndinafunsa, misozi ili mbwee. "Kuti ndizingokhala kumbuyo?"

"Kuti uphunzire. Ndipo waphunzira."

Amayi anayesa kundilankhulira kukhitchini, ndinawamva akuti, "Atate ake a Zelipa, n'kamodzi kokha." Atate anayankha motsitsa kuti iwo amene amaimirira kutsogolo kuuza ana a anthu ena za Sabata sangamasule wawo yekha. Amayi anatuluka, n'kundipatsa chikho cha tiyi.

Mawa lake ndinakawauza Asisitere Veronika. Ndinkayembekeza kuti akwiya, atumiza munthu kwa Atate, mwina ngakhale kwa abishopu. Iwo anangogwedeza mutu.

"Bambo ako ndi munthu wa mawu amodzi. Usawade." Kenaka anati, "Ine chifuwa chandigwira, sindingayambirenso ndi mwana wina. Amene asankhidwe umuphunzitsa ndiwe."

Ndipo anasankha Chanda. Mwa atsikana onse a giredi seveni, Chanda! Aphunzitsi anati saopa anthu, anazolowera kuima kutsogolo m'tchalitchi. Ndinaona ngati andilanda mbale ndili pakati pa kudya n'kupatsa munthu wokhuta kale. Analibe chiyani Chanda? Diresi loyera anali nalo, phulusa anali nalo, kuvina kunali kwake. Kanthu kamodzi kokha kamene kanali kanga, nakonso apatse iye?

Anandipeza kuseri kwa kalasi, maso ali ofiira.

"Zeli, ine sininapemphe. Niyopa maningi. Mutu wanga siugwila, uziba."

"Ngati siufuna, yenda ukabauze," ndinamuyankha.

Sanapite. Anangoima n'kumakumba pansi ndi nsapato. Pamenepo ndinadziwa kuti akufuna, ndipo mtima wanga unawira.

Ndinamuphunzitsa. Sindinabise kanthu, chifukwa ndinkaopa kuti akalakwitsa adzati Zelipa ndiye sanaidziwe bwino. Koma ndinamuphunzitsa ndi nkhope ya munthu wotsuka chimbudzi. Tinkakhala pansi pa mtengo kuseri kwa takishopu, iye atabweretsa vitumbuwa m'pepala, ine osakhudza ngakhale chimodzi. Ankasokoneza sisitere wamtali ndi wonenepa. Ankagwetsa mvula njerwa zisanaumbidwe. Maina ankawadumpha. "Iwe, m'mutu mwako muli nsomba?" ndinkamukalipira. Iye ankangoseka ndi mpata wake uja n'kuti, "Bwelezanso, ba ticha." Pa mbuzi paja anandipempha kuti ndimuonetse mmene ndimapendekera. Ndinamuonetsa, iye n'kuchita, ndipo anachita bwino kuposa ine, chifukwa thupi lake linali la wovina. Tsiku limenelo kunyumba sindinadye, ndinati mutu ukundipweteka.

Loweruka lija kunacha bwino mochititsa ukali, kopanda ndi kamtambo komwe. Tikupita ku tchalitchi, Atate patsogolo ndi Baibulo m'khwapa, tinakumana ndi anzanga a m'kalasi atavala mayunifolomu ositidwa, amayi awo atavala zitenje zosindikizidwa chithunzi cha sukulu. Minibasi ina inadutsa itadzaza masitela, akuimba, maliboni oyera akuuluka pawindo. Wina anakuwa, "Zelipa, bwanji! Tiye!" Ndinayang'ana kumbali ngati sindinamve.

M'tchalitchi sindinamve ulaliki ngakhale liwu limodzi. Ndinkangoti, tsopano akulowa, tsopano abishopu akhala pansi, tsopano amuitana. Milomo yanga inkanena yokha za udzu wofika m'chiuno. Pa nthawi ya pemphero, anthu onse atagwada, ine ndinapempha Mulungu kuti Chanda aiwale. Inde, m'nyumba ya Mulungu, pa Sabata, mwana wa mkulu wa mpingo. Sindinapemphe kuti adwale kapena agwe, ndinangoti aime kakasi pakati pa nkhani, ahedi ayang'ane uku ndi uku n'kunena kuti, akanakhala Zelipa.

Pempherolo silinayankhidwe. Lolemba sukulu yonse inali Chanda, Chanda, Chanda. Ati abishopu anaseka pa mbuzi paja mpaka kupukuta misozi. Ati azimayi analulutira, ena n'kukamukupiza ndi zitenje. Ati abishopu anamuika dzanja pamutu n'kumupatsa kolona ya mikanda yabuluu. Aphunzitsi a Chingelezi, amene chaka chonse ankamutcha mutu wa dzungu, anamuimika kutsogolo kuti timuwombere m'manja. Dzina langa palibe analitchula. Ndinawomba nawo ndi nsonga za zala.

Pa buleki Chanda anabwera akuthamanga, kolona ili m'manja.

"Zeli, tenga. Ni yako iyi. Vonse vinali vako."

"Nikachite nayo chani? Nimangile mbuzi?" ndinatero. "Uziba kuti kwathu siingangene."

Nkhope yake inagwa. Ine ndinanyamula chikwama n'kusamukira pa desiki ya kumbuyo, kwa mtsikana wina wa ku Woodlands amene sindinkamukonda n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo sindinamulankhule Chanda. Ndikamuona akubwera ndi njira iyi, ndinkadzera inayo. Pakhonde la Asisitere Veronika sindinapondeponso, chifukwa nawonso ndinawakwiyira. Ndinamva kuti pa chikondwerero anakhala kutsogolo, n'kumupsompsona Chanda pamphumi. Kenaka ndinamva kuti adwala sitiroko ndipo sakutulukanso panja. Ndinamva chisoni pang'ono, koma nsanje inali itadzaza malo onse.

Tinalemba mayeso a giredi seveni mvula yoyamba itayamba kugwa. Tsiku limene tinamaliza, ndikutuluka pageti, wina anandigwira dzanja. Anali Chanda, atanyowa mapewa.

"Zeli, bwela. Napapata, nakupempha. Ba Sisita Veronika bafuna nkhani ija."

"Si ndiwe mwine wake? Yenda ukabauze."

"Nayesa. Naibala." Anayamba kulira. "Nafika chabe pa shedi, vonse vayenda."

Anandifotokozera akusisima. Chidwalireni, Asisitere Veronika mutu unali utasokonekera. Ankaiwala maina a masisitere anzawo, ankaiwala ngati adya. Koma tsiku lililonse ankafunsa funso limodzi, "Tinayamba bwanji?" Masisitere ankayesa kuwauza, iwo n'kumakana ndi mutu, ati si choncho, n'kuyamba kulira ndi kuvula zofunda. Ndiye anaitana Chanda. Koma Chanda analoweza nkhani ija monga tinkalowezera za mayeso, ya tsiku limodzi, ndipo tsikulo litadutsa inatuluka.

Ndinene zoona, mtima wanga unavina. Ndinati, eya, lero ndi lero. Ndinaona kale m'maganizo masisitere onse atakhala pamzere, ahedi pakati, akumva okha kusiyana kwa mwini nkhani ndi wobwereka. Ndinakonza kolala, n'kukweza masokosi, n'kumutsogolera Chanda ngati ndine ndikudziwa njira.

Kunalibe mzere wa masisitere. Kunali kachipinda kakang'ono kumapeto kwa khonde, konunkha mankhwala opukutira pansi ndi phala lozizira. Sisitere wina wachitsikana anatitsegulira, n'kunong'ona kuti tisawatopetse, n'kupita kukachapa. Pabedi panali kamunthu kochepa, kopanda nsalu ya kumutu, tsitsi loyera lometedwa. Ndinali ndisanawaonepo mutu uli pamtunda, ndipo ndinachita manyazi ngati ndawapeza akusamba. Mbali imodzi ya pakamwa inali itagwa. Maso ankayendayenda padenga.

Chanda anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwagwira dzanja. Ine ndinaima kumiyendo, manja kumbuyo, monga ndinkakonzekera kudzaima pamaso pa abishopu.

"Tinayamba bwanji?" anafunsa, mawu akukokeka.

"Kale kuno kunalibe mpanda," ndinayamba, "kunalibe belu. Kunali udzu wofika m'chiuno."

Maso aja anaima. Sanayang'ane ine, anayang'ana pakhoma, koma anaima. Ndinapitiriza, ndipo pang'onopang'ono ndinaona milomo yawo ikutsatira yanga. Mvula inkagogoda pa malata, moti ndinakweza mawu. Pa mbuzi ndinapendeka, n'kulira kamodzi, m'kachipinda mopanda woonera, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera. Pa njerwa ndinathamanga pang'ono, chala chawo n'kugogoda pa dzanja la Chanda. Ndinapumira. Sindikudziwa kuti ndi pati pamene ndinaiwala za ahedi ndi abishopu. Ndinangopezeka kuti ndikuinena nkhaniyo mosamala, pang'onopang'ono, monga umamwetsera wodwala madzi.

Nditafika pa maina ndinawatchula mmodzimmodzi. Esinati. Belita. Tereza wamkulu. Tereza wamng'ono. Pa dzina lililonse ankagwedeza mutu. Nditati, "Malita," anatulutsa dzanja m'manja mwa Chanda, n'kulikweza pang'ono.

"Ndilipo," anatero.

Chanda anabisa nkhope m'bulangeti. Ine ndinamaliza maina otsalawo.

Nditamaliza ndinawayang'ana Asisitere. Nkhope yawo inali itamasuka, ngati ya munthu amene wapeza chimene amafunafuna m'nyumba monse. Anapapasa mpaka kupeza mutu wa Chanda, n'kuusisita.

"Chanda, mwana wanga," anatero. "Wanena bwino. Bwino kuposa tsiku lija."

Abale, mawu aja anandilasa. Ngakhale pano, m'kachipinda kopanda anthu, nditanena ndi pakamwa panga, iwo akumva okha! Ndinafuna kukuwa kuti ndine Zelipa, Zelipa amene munkamugogodera ndodo, amene munati zimenezo usachotse. Chanda anadzutsa mutu msanga.

"Iyayi, ba Sisita, si ine, ni..."

Pamphumi pa Asisitere panayamba kukwinyika, maso n'kuyambanso kuyendayenda, kufunafuna chimene alakwitsa. Ndinaona kuti tikawakonza, tiwabwezera kumene tawachotsa. Ndinamuponda Chanda phazi, mwamphamvu ndithu, n'kupukusa mutu. Iye anandiyang'ana, pakamwa pali yasa.

"Yankha," ndinamunong'oneza.

"Zikomo, ba Sisita," anatero Chanda, mawu ali pansi.

Makwinya aja anafafanizika. Posakhalitsa anagona, dzanja lili pamutu pa Chanda.

Panja mvula inali itachepa. Tinayenda mpaka pamsewu, tikudumpha zithaphwi. Kenaka Chanda anati, "Chifukwa chani unanilesa?"

"Osanifunsa," ndinamuyankha. "Nikali okalipa."

Ndipo ndinalidi wokwiya. Koma sindinadzere njira ina. Tinayendera limodzi mpaka pamene njira ya ku Chilenje imapatukira, ndipo anandiperekezanso pang'ono, ine n'kumubwezanso pang'ono, monga tinkachitira kale. Kunyumba ndinadya bwino tsiku limenelo, mpaka Amayi anafunsa ngati mayeso anali ophweka.

Asisitere Veronika anamwalira tchuthi chisanathe. Maliro awo anachitika pakati pa mlungu, ndipo Atate anapempha chilolezo ku ntchito n'kundiperekeza okha, atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Anakhala nane pa benchi ya kumbuyo.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chelstone, ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ya boma. Ndikanakonda kulemba kuti nsanje inandithera tsiku lija, koma ndinganame. Chanda anakwatiwa ku Kabulonga, ali ndi geti lotseguka lokha, ndipo ndikapita kukamuona kamtima kamagundabe molakwika ndikamalowa. Timaseka, amanditcha ba ticha mpaka pano. Chimene ndinaphunzira n'chochepa, koma chandisunga. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndikufuna chinthu chimodzi, pamene ndinkafuna ziwiri: kunena nkhani ija, ndi kuti anthu adziwe kuti wanena ndine. Zinali zomatirirana moti sindinkatha kuzisiyanitsa, mpaka tsiku limene anandipatsa chimodzi n'kundimana chinacho. Chimene anandimanacho chimandipwetekabe ndikachikumbukira. Koma nkhalamba ija inafunsa funso lake kwa masiku ambiri, ndipo inagona itayankhidwa. Inapita ikudziwa kuti Chanda ananena bwino, ndipo ine ndinali pomwepo, pakamwa ndili napo, n'kusankha kuti zikhale choncho.